Makompyuta onse mu kafe akuthawira ku masamba a njuga, ndifomate onse?

WaKafe_KU walemba:

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndimayang'anira kafe ya intaneti kuno ku Kasungu pa boma. Tili ndi makompyuta 8 a makasitomala ndi imodzi ya pa kauntala yosindikizira, onse olumikizidwa ndi zingwe ku switch imodzi. Intaneti imachokera pa rauta ya 4G yoikamo SIM, ndipo rauta yomweyo ndi imene imapereka Wi-Fi kwa anthu obwera ndi mafoni ndi malaputopu awo.

Kuyambira sabata yatha, munthu akalemba adilesi ya webusayiti kapena kudina linki, tsamba lomwe akufunalo silikutseguka. Akungopezeka ali pa tsamba la njuga, nthawi zina pa tsamba lonena kuti wapambana foni ndiye alembe nambala yake, nthawi zina lonena kuti Chrome yake ndi yakale atsitse yatsopano. Sizikuchitika nthawi zonse. Gmail ndi Facebook kawirikawiri zikutseguka bwinobwino, koma masamba ena akubweretsa chenjezo lija lakuti "Your connection is not private". Zikuchitika pa makompyuta onse.

Antivayirasi sakupeza kanthu. Imodzi ndaifomata n'kuikamo Windows 10 yatsopano, koma tsiku lomwelo yayambanso. Ino ndi nyengo yomwe achinyamata ambiri akubwera kudzalemba mafomu a sukulu ndi a ntchito, ndiye nkhawa yanga ndi yakuti zinsinsi za anthu zingabedwe pamalo panga. Kodi ndifomate onse nthawi imodzi, kapena vuto lili kwina?

Chatoloma_IT walemba:

Achimwene, musafomate kaye. Kompyuta mwafomata ija yakuyankhani kale. Ngati makina oyera ayambanso tsiku lomwelo, chovutacho sichinali pa hard disk. Chikubwera kudzera pa chingwe, kapena chikulowa ndi akaunti yomwe mumalowa nayo mu Chrome. Mukafomata onse 9 muvutika pachabe, mawa lake mudzapeza zomwezo.

Yambani ndi mayeso atatu, onse pamodzi satenga mphindi 15.

Tengani foni, zimitsani Wi-Fi, mutsegule masamba atatu kapena anayi omwe akuvutawo ndi bandulo ya pafoni pomwepo. Mukatero zimitsani data, lumikizani foniyo ku Wi-Fi ya kafe, mutsegulenso masamba omwewo. Musanayese onetsetsani kuti Private DNS pa foniyo ndi yozimitsa, apo ayi foniyo izifunsa maadilesi kwina osadzera kwa rauta, ndipo inu muganiza kuti zonse zili bwino. Chachitatu, zulani chingwe pa kompyuta imodzi ya makasitomala, muipatse intaneti ya foni kudzera pa USB tethering (kulumikiza foni ndi kompyuta pa chingwe cha USB), mulembe ipconfig /flushdns mu Command Prompt, kenako muyese masamba aja.

Ngati foni ili bwino pa bandulo yake koma ikuthawa ikakhala pa Wi-Fi yanu, vuto lili pa netiweki, ndipo choyamba kuchikayikira ndi rauta. Ngati kompyuta ikuthawabe ngakhale ili pa intaneti ya foni, muli chinthu m'kompyutamo. Ngati ndi tsamba limodzi lokha lomwe likuthawa paliponse, ndi pa bandulo ya foni pomwe, ndiye kuti webusayitiyo ndi yomwe yathyoledwa, si mlandu wanu, angoyenera kuuzidwa eni ake. Ndi zotheka kupeza ziwiri mwa izi nthawi imodzi, choncho musalekere pa yankho loyamba.

Malinga ndi momwe mwafotokozera, ine ndikukayikira DNS. Kompyuta sidziwa mayina a mawebusayiti, imadziwa manambala okha. Mukalemba dzina, iyo imafunsa seva ya DNS kuti nambala ya dzinali ndi iti, ndipo imapita komwe yauzidwako osafunsanso kawiri. Chimene chimauza makompyuta onse pa netiweki kuti azifunsa seva iti ndi rauta, kudzera mu DHCP, njira yomwe imagawira zipangizo maadilesi. Munthu akasintha mzere umodzi umenewo mu rauta, chilichonse cholumikizidwa pamenepo chimayamba kufunsa njira kwa wakuba, ngati mlendo pa depoti amene wakhulupirira woitanira n'kukwezedwa basi yopita kwina. Antivayirasi sapeza kanthu chifukwa m'kompyutamo mulibedi kanthu.

Chenjezo mukulionalo likugwirizana ndi zimenezi. Tsamba la http limatha kupatutsidwa mwakachetechete. Tsamba la https lili ndi setifiketi, ndipo seva yabodza ilibe setifiketi ya dzina lenilenilo, ndiye browser imakana n'kuchenjeza. Uzani makasitomala lero lomwe kuti asamadine Advanced n'kupitirira. Koma werengani mawu ang'onoang'ono omwe ali pansi pa chenjezolo. Akakhala ERR_CERT_DATE_INVALID pa masamba onse, kawirikawiri ndi deti ya kompyuta yomwe yasokonekera, makamaka pa makina akale omwe kabatire kozungulira ka CR2032 pa motherboard kanatha. Akakhala ERR_CERT_COMMON_NAME_INVALID kapena ERR_CERT_AUTHORITY_INVALID pa tsamba lodziwika bwino, pamenepo pali wina wakhala pakati.

Tsopano pa kompyuta yomwe ili pa chingwe lembani ipconfig /all ndipo muwerenge mizere itatu: Default Gateway, DHCP Server ndi DNS Servers. Pa netiweki yaing'ono ngati yanuyi, yonse itatu imaonetsa adilesi ya rauta, monga 192.168.8.1 pa marauta ambiri a Huawei, kapena 192.168.0.1 ndi 192.168.1.1 pa mitundu ina. Mukapeza nambala yachilendo pa DNS Servers yomwe simunaike inu, mwachigwira. Mukapeza adilesi ya rauta, musapume, chifukwa rautayo nayo imakafunsa kwina. Lowani mu tsamba lake la admin, muone DNS malo awiri: ku Internet kapena WAN, ndi ku DHCP.

Yesaninso dzina lopeka, mwachitsanzo nslookup kulibedzinalotereli4821.com. Yankho loyenera ndi Non-existent domain. Likabwera ndi nambala, ndiye kuti seva mukuifunsayo ikuyankha zabodza. Bwerezani zomwezo kompyuta ili pa intaneti ya foni kuti mufananize. Musadalire kwambiri kufananiza manambala a masamba akuluakulu monga Google kapena Facebook, chifukwa ali ndi maseva ambiri ndipo yankho limasinthasintha popanda vuto lililonse.

China chaching'ono: bandulo ikatha kapena netiweki ikaduka, marauta ena a 4G amakubwezani ku tsamba lawo la admin kapena ku tsamba la kampani ya SIM. Chimenecho si chiwembu. Koma tsamba la njuga ndi la "mwapambana foni" si zimenezo ayi.

WaKuNkhamenya walemba:

Bwanji osangoika DNS ya Google, 8.8.8.8 ndi 8.8.4.4, pa kompyuta iliyonse? Mumalowa mu Network Connections, Properties ya Ethernet, Internet Protocol Version 4, n'kulemba pamanja. Mphindi ziwiri pa makina aliwonse, za njugazo zatha.

Mlongo_Mtunthama walemba:

Achimwene a ku Nkhamenya, njira yanuyo ingathandize kuti ntchito isaime lero masana, koma ikungobisa chizindikiro. Mafoni ndi malaputopu a makasitomala azilandirabe DNS yoipayo kuchokera kwa rauta. Amene anasintha DNS adakali ndi njira yolowera, ndipo mawa akhoza kusintha china. Komanso pali marauta omwe amatha kugwira funso lililonse lopita pa port 53 (khomo lomwe mafunso a DNS amadzera) n'kulitembenuzira komwe auzidwa, moti mukalemba 8.8.8.8 funso lanu silifika n'komwe kwa Google. Ndipo ngati IPv6 (mtundu watsopano wa maadilesi a intaneti) ili yoyatsa, Windows ikhoza kumafunsabe DNS ya IPv6 yomwe rauta yapereka, inu mutasintha ya IPv4 yokha.

Ine ndikufuna ndifunse a WaKafe funso lomwe silinayankhidwe: mutafomata kompyuta ija, munalowa mu Chrome ndi Gmail ya kafe? Malo ambiri amagwiritsa ntchito akaunti imodzi pa makina onse kuti ma bookmark azifanana. Sync ya Chrome imanyamula ma extension (timapulogalamu towonjezera mu browser), search engine ndi masamba oyambira. Extension yoipa ikalowa pa kompyuta imodzi imafika pa ina iliyonse yomwe ili pa akauntiyo, ndipo makina ofomatidwa kumene amailandira pakangopita mphindi zochepa mutalowa. Zimaoneka ndendende ngati vuto la netiweki. Chimodzimodzinso fulashi yomwe mumaikira mapulogalamu: ngati muli ma crack ndi ma activator, mukufomata ndi dzanja limodzi n'kubwezeramo chovutacho ndi dzanja linalo.

Ndiye kaya rauta ipezeke yolakwa kaya ayi, pa kompyuta iliyonse onani izi.

Lembani chrome://extensions pamalo olemba adilesi. Chotsani chilichonse chomwe simukuchidziwa, makamaka zodzitcha zosinthira PDF, zotsitsira mavidiyo, ma VPN aulere ndi zopezera zinthu zotchipa. Ngati batani la Remove palibe, kapena Chrome ikulemba kuti Managed by your organization pomwe inu mulibe bungwe lililonse loyendetsa makinawo, tsegulani chrome://policy. Mukaonamo ExtensionInstallForcelist kapena mizere yokakamiza search engine, chinthucho chadzilemba mu registry, nkhokwe ya masetingi a Windows, pa HKEY_LOCAL_MACHINE\SOFTWARE\Policies\Google\Chrome, nthawi zina pansi pa HKEY_CURRENT_USER. Sungani kaye kope la key imeneyo ndi Export musanafufute, kenako mutseke Chrome n'kuitsegulanso. Edge nayo ili ndi edge://extensions ndi edge://policy.

Pitani ku chrome://settings/content/notifications. Timauthenga totuluka pakona ya sikirini tonena kuti kompyuta ili ndi mavayirasi timachokera pamenepa. Kasitomala wina anadina Allow pa tsamba lotsitsira mafilimu, basi. Chotsani masamba onse achilendo, ndipo pa makina a kafe sankhani kuti masamba asamapemphe n'komwe chilolezo chimenecho.

Proxy (seva yomwe browser imadzera popita pa intaneti): mu Settings, Network & Internet, Proxy. Use setup script ndi Use a proxy server zikhale zozimitsa ngati simunaziyatse nokha. Adilesi yachilendo pa setup script ndi yoopsa kuposa extension, chifukwa imalamula browser iliyonse pa makinawo. Lembaninso netsh winhttp show proxy, yankho labwino ndi Direct access.

Fayilo ya hosts, momwe mumalembedwa mayina a masamba ndi manambala ake, ili pa C:\Windows\System32\drivers\etc\hosts. Itseguleni ndi Notepad ngati administrator. Pa Windows yosakhudzidwa, mizere yonse imayamba ndi chizindikiro cha #. Tsikani mpaka pansi penipeni, chifukwa ena amasiya mizere yambiri yopanda kanthu kuti zawozo zisaoneke. Windows imawerenga fayilo imeneyi isanafunse DNS, ndiye dzina lolembedwa mmenemo limapambana chilichonse chomwe mwakonza pa rauta. Dziwaninso kuti nslookup siwerenga hosts, choncho ikhoza kukuyankhani zoona pomwe browser ikupitabe kolakwika.

Dinani kumanja pa chizindikiro cha Chrome cha pa desktop, Properties, muwerenge mzere wa Target. Uyenera kuthera pa chrome.exe ndi chizindikiro chotsekera. Pakakhala adilesi ya webusayiti kutsogolo kwake, fufutani. Pomaliza tsegulani Task Scheduler muone ntchito za mayina achilendo zomwe zimatsegula browser kapena PowerShell pakapita mphindi zingapo zilizonse. Zimenezi ndi zomwe zimabwezeretsa extension mutaichotsa.

AdwCleaner ya Malwarebytes ndi yaulere, siifuna kuikidwa, ndipo imagwira zambiri mwa izi zomwe antivayirasi wamba amazilekerera chifukwa amaziona ngati mapulogalamu otsatsa malonda chabe. Itsitseni pa webusayiti ya eni ake muli pa intaneti ya foni, osati pa netiweki yomwe mukuikayikirayo.

WaKafe_KU walemba:

Zikomo kwambiri akuluakulu, ndachita monga mwanenera. Foni pa bandulo yake ili bwino, pa Wi-Fi ya kafe ikuthawira ku njuga. Makompyuta a makasitomala omwe ndawayesa pa USB tethering akutsegula masamba bwinobwino. Ya pa kauntala yokha ndiyo ikutsegulabe masamba otsatsa malonda ngakhale ili pa intaneti ya foni.

Mu rauta ndapeza kuti DNS ili pa Manual, ndipo muli manambala awiri omwe sindinawaonepo. Dzina lopeka lija likubweretsa nambala ndikakhala pa chingwe, koma pa foni likuti Non-existent domain. Pasiwedi ya admin ndi yomwe inabwera ndi rautayo. WPS, njira yolowera pa Wi-Fi ndi batani kapena PIN m'malo mwa pasiwedi, ndi yoyatsa.

Achemwali a ku Mtunthama, mwalasa. Ya pa kauntala ili ndi extension yosinthira PDF yomwe ikukana kuchoka, ndipo Chrome ikuti Managed by your organization. Gmail ya kafe ili pa kauntala pokha, osati pa enawo.

Mafunso awiri. Ndingobweza DNS pa Automatic n'kusintha pasiwedi, zikwanira? Nanga munthuyo analowa bwanji, popeza rautayo imakhala pamwamba kuseri kwa kauntala ndipo palibe amaigwira?

Chatoloma_IT walemba:

Ndiye muli ndi mavuto awiri osiyana, la rauta lomwe likugwira aliyense, ndi la kauntala lomwe ndi la makina amodzi.

Kulowa mu rauta sikufuna kuigwira. Aliyense amene ali pa Wi-Fi kapena pa kompyuta ya kafe akhoza kulemba adilesi yake mu browser, ndipo mapasiwedi obwera ndi marauta amapezeka pa intaneti mosavuta. Njira yachiwiri siifuna n'komwe munthu wokhala mu kafemo. Kasitomala amatsegula tsamba loipa, ndipo tsambalo limauza browser yake kuti itumize lamulo kwa rauta mobisa, likuyesa maadilesi odziwika aja ndi admin/admin. Likadutsa, DNS yasintha, kasitomalayo osadziwa kanthu. Njira yachitatu ndi yochokera kunja, kudzera pa Remote Management kapena chibowo cha firmware (pulogalamu ya m'kati mwa rauta) yakale. Pa SIM wamba imeneyi siichitikachitika, chifukwa makampani a mafoni nthawi zambiri amagawira anthu ambiri adilesi imodzi yakunja ndipo rauta yanu sifikirika mwachindunji. Kwa inu ndikukayikira ziwiri zoyambazo. Komanso pulogalamu yomwe ili pa kauntalayo ikhoza kukhala ndi mbali pa nkhaniyi, choncho musaigwiritse ntchito pokonza rauta.

Kungobweza DNS sikukwanira, chifukwa simukudziwa china chomwe chinasinthidwa. Ndondomeko yake ndi yofunika, musadumphe.

Jambulani ndi foni masamba onse a rauta momwe alili panopa, manambala achilendowo pamodzi, ndipo lembani APN (dzina lomwe rauta imalowera nalo pa intaneti ya kampani ya SIM) yomwe ikugwira ntchito. Marauta ambiri amaipeza okha akawerenga SIM, koma ena mukawabweza pa fakitale intaneti siibwera mpaka mutailemba pamanja. Werengani kapepala komatidwa pansi pa rauta, mulembe model ndi hardware version. Ngati mtundu wanu umafuna kutsitsa firmware pamanja, itsitseni pa webusayiti ya opanga muli pa intaneti ya foni, ndipo ikhale ya hardware version yomweyo. Ya V2 pa rauta ya V3 ikhoza kuipha.

Zulani chingwe chopita ku switch. Rauta ili yoyaka, dinani kabatani ka Reset ndi waya wa pepala kapena chotokosera m'mano, mugwire pafupifupi masekondi 10 mpaka magetsi ake aphethire. Ikadzuka, lumikizani kompyuta imodzi yokha ndi chingwe, ija mwaifomata kumene. Chinthu choyamba, musanatsegule tsamba lina lililonse, sinthani pasiwedi ya admin. Ikhale ya zilembo zosachepera 12, ndipo isafanane ndi ya Wi-Fi, popeza ya Wi-Fi mumaipereka kwa anthu tsiku lililonse. Browser ikafunsa kuti isunge pasiwediyo, kanani.

Kenako firmware. Ikani rauta pa UPS kapena pa inverter musanayambe, chifukwa magetsi akathima pakati pa ntchitoyi rauta ikhoza osadzukanso. Musabwezeretse backup yakale ya masetingi, mungabweze ndi zoipa zomwe. Lembani zonse pamanja.

Pa DNS mukhoza kusiya Automatic kuti izitenga ya kampani ya SIM, kapena kusankha nokha. Pa kafe ndikanasankha yosefa. Quad9 ndi 9.9.9.9 ndi 149.112.112.112, imatseka mayina odziwika kuti ndi a pulogalamu zoipa ndi achinyengo. Cloudflare ili ndi 1.1.1.2 ndi 1.0.0.2 zochita zomwezo, komanso 1.1.1.3 ndi 1.0.0.3 zomwe zimatsekanso zolaula, zothandiza pamalo pobwera ana asukulu. Manambala onse awiri achokere ku gulu limodzi. Mukaika yosefa pamwamba ndi yosasefa pansi, mafunso ena azidutsira pa yosasefayo.

Wi-Fi ikhale pa WPA2 ndi AES, kapena WPA3 ngati ilipo, ndi pasiwedi yatsopano. Zimitsani WPS. PIN yake ili ndi manambala 8 koma rauta imaitsimikiza m'magawo awiri, moti woyesayesa amafunika kuyesa pafupifupi ka 11,000 kokha, ndipo akaipeza rauta imamupatsa pasiwedi ya Wi-Fi kaya ndi yaitali bwanji. Zimitsaninso UPnP ndi Remote Management. Ngati rauta ili ndi Guest Network, makasitomala a mafoni azilowa pamenepo, ndipo chotsani chilolezo choti alendo aziona netiweki ya m'kati. Akatero safika pa tsamba la admin, pa pulinta kapena pa kauntala.

Mukamaliza bwezani chingwe cha switch, koma ya pa kauntala ikhale yozula mpaka itayeretsedwa. Pa kompyuta iliyonse lembani ipconfig /release, kenako ipconfig /renew, kenako ipconfig /flushdns, ndipo mufufute cache ya browser, chifukwa browser imakumbukira kupatutsidwa kwina ngakhale gwero litachoka. Yesaninso dzina lopeka lija.

Santhe_Netiweki walemba:

Ndiwonjezere za omwe adzawerenge izi ali ndi netiweki yokulirapo, monga ya sukulu, ya ofesi kapena ya malo ogona alendo, chifukwa kumeneko DNS ya rauta yaikulu ikhoza kupezeka yoyera koma vuto lilipobe.

Chofala kwambiri ndi rauta yachiwiri. Wina amagula rauta kuti Wi-Fi ifike chipinda china, n'kuilumikiza ku switch pa doko la LAN osazimitsa DHCP yake. Tsopano pa netiweki pali awiri ogawa maadilesi, ndipo kompyuta imamvera amene wayankha msanga. N'chifukwa chake vuto limagwira makina ena lero, ena mawa. Mzere wa DHCP Server mu ipconfig /all ndi umene umaulula. Uonetse adilesi imodzi pa makina onse. Ukasiyana, tsatirani zingwe mpaka mutapeza kabokosi kachiwiriko, muzimitse DHCP yake, musinthenso pasiwedi yake ya admin, chifukwa kameneko ndi komwe aliyense amakaiwala.

China ndi munthu wa pa netiweki pomwepo amene akudzionetsa ngati rauta, chomwe amachitcha ARP spoofing. Mapulogalamu odulira anzawo intaneti pa Wi-Fi yogawana, monga NetCut, amagwira ntchito motero, ndipo njira yomweyo imalola munthu kupatutsa masamba. Lembani arp -a muone Physical Address (imatchedwanso MAC, nambala yozindikiritsa chipangizo) yomwe ili moyang'anizana ndi adilesi ya gateway. Ifananizeni ndi MAC ya LAN yomwe ili mu tsamba la admin kapena pa kapepala ka pansi pa rauta. Ngati adilesi ya gateway ndi ya chipangizo china zili ndi MAC imodzi, chipangizo chimenecho ndicho chakhala pakati. Vutoli limabwera ndi munthu n'kuchoka naye, ndiye lembani nthawi yomwe likuchitika muone amene amakhala pa Wi-Fi nthawi imeneyo.

Amene muli ndi rauta ya MikroTik pa hotspot yogulitsa ma voucher, samalani mwapadera. Mu 2018 munapezeka chibowo mu Winbox (pulogalamu yoyendetsera marautawa), pa port 8291, chomwe chinkalola munthu kuwerenga mapasiwedi a rauta osalowa n'komwe. Anachitseka mu RouterOS (pulogalamu ya m'kati mwa marautawa) 6.42.1 ndi 6.40.8, koma marauta ambiri omwe sanakwezedwe anaikidwa zinthu zolowetsa script m'masamba omwe anthu ankatsegula, kudzera pa Web Proxy. Kukweza RouterOS pambuyo pake sikuchotsa zomwe zinaikidwa kale, ndipo pasiwedi yakaleyo imakhala ili m'manja mwa anthu. Onani IP > DNS, IP > Web Proxy, IP > Socks, ndi IP > Firewall > NAT, mufufuze malamulo a dstnat okhudza port 53 kapena 80 omwe simunalembe inu. Hotspot imadziikira malamulo ake okhala ndi chilembo D, amenewo ndi abwinobwino. Onaninso System > Scheduler, System > Scripts ndi System > Users. Mukapeza chachilendo, njira yodalirika ndi kuikamo RouterOS mwatsopano ndi Netinstall n'kulembanso masetingi. Musanatero chitani export kuti mukhale ndi fayilo yowerengeka, muitenge mzere ndi mzere zomwe mukuzidziwa zokha. Ku IP > Services, Winbox izilola maadilesi a m'kati okha.

Mlongo_Mtunthama walemba:

A WaKafe, za kauntala. Popeza chinthucho chinafika polemba policy mu registry, chinali ndi mphamvu za administrator, ndipo pa makina amenewo ndi pomwe pamadutsa ziphaso, masetifiketi ndi makalata a anthu. Imeneyo ndi yomwe ndingakulangizeni kufomata. Sungani mafayilo a ntchito okha, osati mapulogalamu. Musanalowenso mu Chrome ndi Gmail ya kafe, lowani mu akauntiyo pa foni, musinthe pasiwedi, muyatse 2-Step Verification, mutulutse zipangizo zonse zachilendo pansi pa Security, ndipo mufufute zomwe sync inasunga. Mukapanda kutero, extension kapena search engine yoipa ikhoza kubwerera. Onaninso mu Gmail ngati palibe Forwarding kapena filter yotumiza makalata kwa munthu wina.

Mapasiwedi ena onse, a imelo, a Facebook, a ku banki, asinthidwe rauta itakonzedwa kale kapena pa bandulo ya foni. Kusintha muli pa netiweki yodwalayo ndi kupereka yatsopanoyo kwa wakuba.

Makasitomala nawo auzeni, ngakhale zikuoneka ngati zochititsa manyazi pa bizinesi. Matani pepala pakhomo ndi pa kauntala lonena masiku omwe vutoli linalipo. Amene anapitirira chenjezo la setifiketi n'kulemba pasiwedi asinthe. Amene analemba nambala ya foni pa tsamba la mphoto ayembekezere mafoni ndi mauthenga achinyengo, ndipo asapereke PIN ya Mpamba kapena Airtel Money, kapena nambala yotsimikizira yobwera pa SMS, kwa wina aliyense woimba. Amene anatsitsa "Chrome yatsopano" ija pa laputopu kapena foni yake ali ndi pulogalamu yoipa yomwe wapita nayo kunyumba. Chrome imadzikweza yokha kudzera mu Help, About Google Chrome, siituma munthu kukatsitsa fayilo pa tsamba lina. Pa makompyuta a kafe, onani mafoda a Downloads ngati muli fayilo yotereyi, ndipo makina omwe inatsegulidwapo afomatidwe pamodzi ndi ya kauntala.

Pa makina a makasitomala pangani akaunti ya Standard yopanda mphamvu zoika mapulogalamu, ya administrator ikhale ndi pasiwedi yodziwa inu nokha. Kumbukiraninso kuti Microsoft inasiya kupereka zokonza zachizolowezi za Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo amene adakali pa Windows 7 Chrome yawo inaima pa 109. Makina otha kulandira Windows 11 akwezeni, otsalawo Linux Mint imakwanira bwino pa ntchito ya browser, kulemba ndi kusindikiza.

Kwa masabata awiri akubwerawa, m'mawa uliwonse musanatsegule kafe lowani mu rauta muone ngati DNS ili momwe munaisiyira, ndipo muyese dzina lopeka lija. Ikadzasinthanso pasiwedi ili yatsopano, WPS ndi Remote Management zili zozimitsa, kauntala ili yoyera, ndiye kuti firmware ya rautayo ili ndi chibowo chosafuna pasiwedi. Onani deti ya firmware yomaliza pa webusayiti ya opanga. Ngati anasiya kutulutsa zatsopano za mtundu umenewo, gulani rauta ina yokhala ndi Guest Network, SIM yomweyo igwira ntchito bola rautayo isakhale yotsekeredwa ku kampani ina.